Tizilombo Tophunzira ndi Dothi la a Manyowa

Mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, aliyense amawadziwa kuti a Manyowa, ndipo dzinalo analiitana okha ndi pakamwa pawo. Mwana akachedwa kuyenda, iwo ankati pakusowa manyowa. Banja la munthu likamagwedezeka, pakusowa manyowa. Tsiku lina wailesi yanga inasiya kulankhula. Iwo anaitembenuza uku ndi uku, kuinunkhiza kumbuyo, n'kundiuza kuti ndisadandaule, vuto lake ndi lomwe lija. Si munthu wopusa ayi. Ndi munthu amene anadziwa chinthu chimodzi bwinobwino, ndiye anayesa kuti dziko lonse limayenda choncho.

Zaka makumi atatu ndi zinayi analima chitsamba china cha masamba onunkhira. Ankathyola masambawo mame asanaume, kuwaphika m'migolo yotseka, nthunzi n'kumadutsa m'paipi yozizira, kumapeto kwake n'kumadontha mafuta, dontho limodzilimodzi. Mafutawo ankagula a kampani ya sopo. Fungo lake linawalowerera mpaka m'zikhadabo. Mlongo wanga amanena yekha kuti anakwatiwa ndi fungo, chifukwa nkhope panalibe.

Chaka china galimoto ya kampani sinabwere. Chaka chotsatira sinabwerenso. Kenako zinamveka kuti kampani yapeza antchito ena opanga mafuta omwewo, osafuna munda, osadikira mvula, osadwala msana. Munda wa a Manyowa unali wobwereka. Mwini wake anautenga n'kumangapo shedi yosungiramo matayala. Iwo anabwera m'tauni ndi mkazi wawo, mabulangete, ndi chitsamba chimodzi chodzala mumgolo wodula pakati.

Ine ndine mlonda wa masana pageti la fakitale yomwe inawalanda msikayo. Ndinalowa mu ofesi chipewa chili kumanja, n'kuwapemphera ntchito. Anawalemba yotsuka mathanki ndi kunyamula matumba a shuga. Ntchitoyo inabwera ndi nyumba ya kampani kuseri kwa mpanda: zipinda ziwiri, kakhonde, ndi mpopi wa madzi m'kati mwenimweni mwa nyumba. Mlongo wanga anayamba kusenza madzi ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, khosi lake linafupika ndi ndowa. Tsiku lolowa m'nyumbamo anatsegula mpopi, kutseka, kutsegulanso, mpaka ndinamukalipira.

"Achimwene, ndisiyeni," anatero. "Ine muno ndidzatulukamo atandinyamula."

Koma nyumbayo ndi ya munthu amene ali pantchito. Ntchito ikatha, kiyi umabweza. Zimenezi tonse tinkazidziwa.

Zimene ndinaona ndi maso anga ndinena kuti ndinaona. Za m'chipinda cha mathanki ndinazimva kwa a Manyowa eni ake ndi kwa kapitawo, ndipo mawu awo anafanana.

Woyang'anira chipindacho ndi mayi wina wachitsikana amene tonse timamutchula kuti a Dokotala, ngakhale sanabayepo munthu jakisoni. Tsiku loyamba anawaimika a Manyowa kutsogolo kwa thanki yachitsulo yotalika kuposa nyumba, n'kuwafotokozera mwaulemu.

"Bambo, m'tsamba lanu lija muli malangizo ang'onoang'ono amene amaliuza kapangidwe ka mafuta. Ife tinakopera malangizowo n'kuwaika mwa tizilombo tosaoneka ndi maso, mabakiteriya. Tikatipatsa shuga, timatulutsa mafuta omwe aja."

"Timatulutsira mbali iti?"

"Mbali zonse, bambo. Tilibe kutsogolo kapena kumbuyo."

"Ndiye anthu akusamba zimenezo?"

"Akusamba."

"Chabwino, matupi ndi awo. Amapalira ndani?"

"Mulibe udzu muno."

"Nanga manyowa mumathira mwezi wanji?"

A Dokotala anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati muno dothi ndiye mdani woyamba, n'chifukwa chake aliyense amavala ovolosi yoyera, jombo ndi magolovesi, ndipo thanki imawauliridwa ndi nthunzi yotentha asanathiremo tizilombo, kuti china chilichonse chamoyo chife. A Manyowa sanaseke nawo. Poweruka anaima pageti n'kundinong'oneza kuti, "Alamu, mwana uja ndi waulemu, koma sanalimepo."

Miyezi isanu ndi itatu anagwira ntchito yosadandaulitsa. Thanki yotsuka iwo munkatha kumeteramo ndevu. Tizilomboto ankatitchula kuti ophunzira aja, ndipo m'mawa uliwonse ankagogoda pathanki kutipatsa moni. Mkwiyo pa ito analibe. Ankati amene wakuposa kulima umamuvulira chipewa, ngakhale ali wochepa thupi.

Kenako mafuta anayamba kuchepa. A Manyowa akukolopa anamva a Dokotala akuuza kapitawo kuti tizilombo tikuoneka tofooka, mwina tabereka mibadwo yambiri. Mawu amenewo anawagwera pamtima ngati kuti akudwala ndi mwana wawo. Nthawi ya tiyi anabwera pakanyumba kanga.

"Alamu, nthaka yaguga."

"Nthaka iti? Muja muli madzi a shuga."

"N'chimene ndikunenacho. Shuga m'mawa, shuga masana, shuga mawa lake. Inuyo atakudyetsani choncho mungabereke?"

Ndinawauza kuti atsuke mathanki, za kubereka asiyire a Dokotala, ophunzira anzawo a tizilomboto. Anachoka akupukusa mutu.

Lamulo la ntchito yanga linakhomedwa pakhoma la kanyumba kanga: secha aliyense wotuluka. Za olowa palibe analembapo. Kampani inkaopa kuti anthu aziba sopo. Zoti wina angaibweretsere mphatso sinaganizepo. Ndiye Lolemba lina poweruka, ndikusecha mlamu wanga monga ndimasechera aliyense, ndinapeza kabokosi ka machesi m'chipewa chawo. Munalibe machesi, munali timbulu ta dothi lakuda m'makona.

"Alamu, inu simusuta. Aka n'kachiyani?"

"Kanali ndi katundu."

"Katundu wanji?"

"Dothi la pansi pa chitsamba changa. Lakuda bii, lofewa. Ndawatsinira pang'ono ophunzira aja."

Anandifotokozera monyadira. Anali ataona kuti chilichonse cholowa nthunzi isanadutse chimafa, choncho anadikira thanki izizire. Pamwamba pake pali kakamwa kotseka ndi chitsulo chopota, pamene a Dokotala amathirira mbewu ya tizilombo. Kapitawo atapita kukamwa tiyi, iwo anakwera makwerero, kupotokola, kukhuthula, kutsekanso, n'kupukutapo ndi nsalu yoyera, poti ndi munthu waukhondo.

"A Dokotala mwawauza?"

"Adzaona okha pokolola. Mimba ya mwezi umodzi salengeza."

"Tamverani bwino," ndinatero. "Kukakunenezani sindipita, ukazitape sindinalembedwe. Koma wina akadzandifunsa, ndidzanena. Bodza ndilibe, mukundidziwa."

"Adzakufunsani ndani inu? Mlonda amafunsidwa nthawi basi."

Pamenepo ananena zoona, ndipo zinandiwawa.

Lachitatu fungo linatuluka. Ine ndakhalapo pafupi ndi zinthu zambiri zowola, koma limeneli linali la mtundu wake. Tangoganizani tonde wonyowa ndi mvula atavala sokosi za msilikali. Telala wa kutsidya kwa msewu anatseka shopu nthawi ya teni. Amayi ogulitsa zipatso anasamukira kumpoto. Agalu asanu ndi awiri amene sindinawaonepo anabwera n'kukhala pamzere pageti, mwakachetechete, ngati ofuna ntchito. M'kati, thanki yachitatu inkalavula thovu lotuwa.

A Manyowa anatuluka nkhope ikuwala. "Ayamba kugwira, alamu. Manyowa abwino amayamba anunkha kaye."

Tsiku lomwelo a Dokotala analamula kuti thanki yonse iwiritsidwe, zam'kati zitayidwe. A Manyowa anagwira nawo ntchitoyo misozi ili chapafupi. Ankati azula mbewu isanabereke.

Kampani inaitana akatswiri awiri a zikwama zasiliva. Anasintha mapaipi. Anasintha mphira zonse za m'zitseko. Anayeza madzi, anayeza shuga, anayeza mpweya wa m'chipindamo pouwola m'kabotolo. Anadutsa pageti langa kasanu ndi kamodzi, ndipo kawiri anandifunsa nthawi. Pomaliza anagamula kuti tizilombo tachilendo tikubisala m'ndevu, choncho aliyense wolowa m'chipindamo amete.

Kapitawo anali ndi ndevu zimene anaziweta zaka makumi awiri, zofika pabatani lachiwiri la malaya. Atameta kunapezeka kuti chibwano alibe, pakamwa pangolumikizana ndi khosi. M'mawa mwake ndinamukaniza kulowa mpaka ataonetsa khadi, ndipo pakhadipo panali munthu wandevu, ndiye ndinamuimikabe mpaka anabwera kalaliki kudzamuchitira umboni. Amanditukwana mpaka lero. Ine ndinatsata lamulo.

A Manyowa anaganizira nkhani yonse n'kupeza polakwika: dothi loyamba linali lopanda mphamvu. Thanki itadzazidwanso anasakaniza ndi zitosi za nkhuku zouma, zosinja bwino. Ulendo uno fungo linafika kudepoti ya mabasi. Akatswiri anabweranso n'kuletsa kuyankhula, kuyetsemula ndi kuimba mluzu pafupi ndi mathanki. Bwana wamkulu anakhoma chikalata pageti, pamwamba penipeni pa mutu wanga, chonena kuti amene adzapezeke kuti ndiye gwero la vutoli adzachotsedwa ntchito tsiku lomwelo.

Ndinapita kwa mkulu wa alonda kukapempha kuti ndizisechanso olowa. Anati nkhani yosintha lamulo ndi ya komiti, ndipo komiti imakumana kawiri pachaka. Chifukwa chimene ndinkapemphera sanandifunse. Ndinaima pakhomo pake kanthawi kumupatsa mpata. Anandiuza kuti potuluka nditseke chitseko.

Masana ena mlongo wanga anabwera pageti ndi fulasiki ya tiyi ndi buledi wopaka majarini mbali zonse ziwiri. Chibadwireni sanandichitirepo zimenezi, ndiye ndinadziwa kuti wazindikira. Anati dothi la mumgolo likutsika sabata ndi sabata, mizu yayamba kuonekera.

"Achimwene, mukadzafunsidwa mudzangoti simukudziwa."

"Koma ndikudziwa."

"Ndiye mudzatsokomole. Munthu wamkulu amatsokomola."

"Chifuwa ndilibe."

"Chibale ndi fupa, achimwene, sichiwola."

"Fupa limenelo ukawaonetse amuna ako, asiye kulowetsa dothi m'fakitale ya eni."

"Ndawauza! Ndabisa machesi onse m'nyumba, tikuyatsira moto kwa aneba. Akuti katsala kamodzi kokha, muyeso aupeza. Inu mukufuna ndibwerere kundowa ndi imvi izi?"

Ndinamuuza kuti sindikufuna, koma lilime langa silipinda. Anatseka fulasiki, kukulunga buledi ndisanalume n'komwe, n'kumapita.

Madzulo a tsikulo poweruka ndinawagwira mlamu wanga pamkono. Ndinawauza za chikalata, za nyumba, za khosi la mkazi wawo. Anamvetsera zonse mofatsa, n'kundiyankha kuti nyumbayo ndiye akuitchinjiriza, chifukwa ophunzira akafa ndi njala fakitale itsekedwa ndipo tonse tidzagona panja. "Mudzandithokoza, alamu. Pano ndachepetsa zitosi, ndawonjezera phulusa."

Thanki yachitatu inaonongeka kachitatu.

Lachisanu a Dokotala akutuluka pagalimoto yawo yaing'ono, maso ali psuu ndi kusowa tulo, anaima kudikira kuti ndikweze chitsulo cha pageti. Anatsitsa galasi, kuyang'ana kumwamba n'kuusa moyo.

"Aa, bambo. Inu mumakhala pano tsiku lonse. Kodi chimene chikulowa muno n'chiyani?"

Ndikudziwa kuti sankandifunsa kwenikweni. Ankangodandaula, monga munthu amafunsira mitambo. Ndikanatha kukweza chitsulo n'kuwafunira ulendo wabwino, ndipo palibe akanandinena. Ndinaganiza za mpopi uja. Koma funso ndi funso, ndipo linayamba ndi mawu akuti bambo.

"Dothi, mayi. Tsiku lililonse lodzaza thanki yachitatu. Limalowa m'kabokosi ka machesi, m'chipewa cha mlamu wanga."

Anazimitsa injini.

"Mwadziwa liti zimenezi?"

"Masabata asanu ndi awiri apitawo."

"Osanena bwanji?"

"Simunandifunse."

Anagoneka mutu pachiwongolero, hutala n'kulira nthawi yaitali. Agalu aja anathawa.

Mlandu unakambidwa Lolemba mu ofesi ya bwana wamkulu. Izi ndinaona ndekha, poti ndinali mboni. Panali bwanayo, a Dokotala, kapitawo ndi ine. A Manyowa anabwera atavala jekete ya pa ukwati wawo, kabokosi kali m'manja. Sanakane chilichonse. Anatchula masiku onse atatu, muyeso wake, ndi mtundu wa nkhuku. Kenako anayamba kuphunzitsa bwana wamkulu za nthaka yoguga, ndipo anapempha kuti awapatse thanki imodzi kwa nyengo yathunthu osaisokoneza.

A Dokotala sanatsutsane nawo. Anaika patebulo makina oonera tinthu ting'onoting'ono, n'kudonthezera kadontho pakagalasi.

"Suzumirani apa, bambo. Awa ndi ophunzira anu, a m'thanki yabwino."

A Manyowa anatsinzina diso limodzi n'kusuzumira. "Ofanana onse ngati ana a sukulu. Koma akuyenda mwaulesi. Ndimanena ine."

A Dokotala anasintha kagalasi. "Awa ndi a m'thanki yonunkha."

A Manyowa anasuzumira nthawi yaitali. Kenako anamenya tebulo.

"Eee! Taonani thanzi! Ozungulira, aataliatali, ena akuchita kupalasa! Alamu, bwerani mudzaone. Katsinidwe kamodzi kokha!"

"Ndevu zanga!" anakuwa kapitawo akudzambatuka pampando. "Zaka makumi awiri! Mkazi wanga akumanditchula kuti mwana wa mbalame!" Ndinamukhazika pansi ndi dzanja limodzi, chifukwa imeneyonso ndi ntchito yanga.

"Bambo," anatero a Dokotala, "athanziwo si athu. Ndi a m'dothi lanu. Iwo mafuta sapanga, amangodya ndi kuberekana. Athuwa tinawasenzetsa katundu wolemera, mphamvu zawo zonse zimathera popanga mafuta, ndiye sangalimbane ndi opanda katundu. Anu akalowa awiri m'mawa, pofika mawa adya shuga yense. Yang'ananinso. Ophunzira mukuwaona angati?"

A Manyowa anasuzumiranso. Anafufuza uku ndi uku.

"Mmodzi," anatero. "Ali pakona. Sakuyenda."

Anawongoka pang'onopang'ono. Nkhope ija yowala inazima ndikuona.

"Ndiye kuti akuthamangawa ndi udzu?"

"Ndi udzu, bambo."

"Ine ndadzala udzu m'munda wa eni." Anayang'ana manja awo, kunsi ndi kumwamba. "Katatu. Munthu wopalira zaka makumi atatu ndi zinayi."

Kabokosi kaja anakaika patebulo, n'kupempha a Dokotala kuti wa pakonayo ngati n'kotheka amupatse shuga payekha. A Dokotala anati ayesetsa. Limenelo linali bodza, koma si ine ndinalinena.

A Dokotala anawapepesera kwa bwana. Anati munthuyu sanabe kanthu, ndipo wotsuka mathanki ngati iye sadzamupezanso. Bwana wamkulu anati mathanki atatu ndi mathanki atatu, ndipo chikalata anakhoma yekha, sangachimeze anthu akuona. A Manyowa anasaina pepala lawo lowachotsa ntchito osawiringula. Ine ndinalandira kalata ya chenjezo yonena kuti ndinadziwa koma ndinachedwa kunena. Ndinasaina, poti zinali zoona. A Manyowa anawapatsa masiku khumi ndi anayi oti abweze kiyi.

Sabata yomweyo a Dokotala analembera kalata mnzawo wa kusukulu amene amayang'anira madamu oyeretsera madzi a m'zimbudzi kumapeto kwa tauni. Kumeneko nakonso ntchito amagwira ndi tizilombo, koma tosaphunzira, todya chilichonse chimene chabwera. A Manyowa anawalemba ntchito yotakasa madziwo ndi kuchotsa zinyalala pasefa. Iwo akuti ndi malo oyamba m'tauni muno kumene anthu akulima mwanzeru. Amabwerako okondwa, ndipo m'basi amakhala mpando wonse okha.

Koma ntchito imeneyo ilibe nyumba.

Tsiku lobweza kiyi, mlongo wanga anadzaza madzi m'ndowa, m'mapoto, m'mabotolo, m'ketulo, ngakhale m'beseni losambira, zonse za pampopi wake, n'kuzikweza pangolo yokankha pamodzi ndi mabulangete ndi mgolo wa chitsamba. Sanafunse munthu njira. Analunjika kunyumba kwanga, kutsegula ndi kiyi amene ndimabisa pamwamba pa chitseko, n'kulowetsa bedi lawo kuchipinda kwanga. Ine ndinapeza mphasa yanga itayalidwa kukhitchini, mutu kumbaula, miyendo kuchitseko. Sindinafunse. Amene wagwetsa denga la mnzake sadandaula akamudonthera.

Kwathu mpopi uli panja, umodzi, wa mabanja asanu ndi anayi. Madzi amatunga ndine, ndisanapite kuntchito ndi pobwera, ndowa zisanu ndi imodzi patsiku. Palibe anandilamula, koma ndowazo ndimazipeza zopanda kanthu pafupi ndi mutu wanga ndikadzuka. Amayi a pamzere amandisiyira malo chifukwa cha msinkhu, n'kumasekera m'nsalu. Kusenza pamutu ndaphunzira, ndi kosavuta kusiyana ndi kunyamula pamanja.

Miyezi itatu mlongo wanga ankandiyankhulira kudzera mwa amuna ake, ngakhale titakhala patebulo limodzi. "Awuzeni alamu anu mchere uli pambali pawo." Mwezi wachinayi, Loweruka lina m'mawa, anaima patsogolo panga n'kundiyang'ana m'maso kwa nthawi yoyamba. Ndinakonza kukhosi, kudikira.

"Achimwene," anatero, "kwezani mapazi, ndikolope."